Baga M'chikwama cha Mtengwa

Lachinayi, 12 Disembala

Ndalongedza. Ndamasulanso n'kulongedzanso, chifukwa masiketi aatali anali pansi pomwe ndi amene ndiyambe kuvala.

Mawa 7 koloko tinyamuka ku Postmasburg pa galimoto ya Tata, bambo ake a mwamuna wanga Mawande (M.). Dzina lawo sindilemba ngakhale muno, mtengwa satchula dzina la apongozi ake aamuna. Tikhala asanu: Tata, Mama, M., mchemwali wake Ziyanda (Z.) ndi ine. Tikupita kwawo ku Cofimvaba. Loweruka la sabata yamawa andiphera mbuzi, andiveka zovala za mtengwa, kenako andipatsa dzina latsopano. Kwa Axhosa zimatero. Dzinalo amasankha ndi Mama, ndipo ndi limene azindiitana nalo mpaka kumanda. Langa la Goitseone litsala kwathu.

Azakhali anga anabwera masana. Iwo anakhalapo ndi mwamuna wa Chixhosa zaka zinayi ku Welkom, ndiye amati anthu amenewa amawadziwa mpaka m'matumbo. Andiuza malamulo khumi ndi awiri, ine ndikulemba pa tsamba lomaliza la kope lino. Ndinawawerengera kawiri kuti atsimikize kuti sindinaphonye. Ena ndi ophweka. Osamuyang'ana Tata m'maso. Osanong'onezana ndi M. pamaso pa makolo, limenelo ndi Lamulo 6 (L.6). Amene anatsindika kwambiri ndi awiri. L.4: nyama ya apongozi usaidye mpaka atakuphera mbuzi. L.9: chakudya chimene wapatsidwa usachisiye m'mbale, angakuyese wonyada.

"Iwe sukulu unalekezera giredi 6," anatero, "ndiye chimene ungawaonetse ndi khalidwe basi. Mlamu wakoyo ali ku yunivesite, aziyang'ana paliponse pamene waponda."

Ndaloweza onse. Ndikawatchula ndili chitsinzinire ndimangosokoneza 10 ndi 11.

Lachisanu, 13 Disembala

Tili ku Botshabelo kwa msuweni wa M., tigona kuno. Ndakhala kuseri kwa nyumba pa njerwa, ena akuonera TV. Tsamba lino lili ndi banga lofiira pakona. Ndi sosi. Ndilemba mmene zinayendera chimodzichimodzi, mwina ndiona pamene ndikanakhotera.

Tinafika ku Kimberley masana. Malo odyera anasankha ndi Z., anawaona pa foni. Anati, "Tata, si paja nkhani za migodi simutopa nazo? Apa ndiye mukalira ndi chimwemwe." Malowo anawamanga ngati msasa wa okumba dayamondi akalekale. Makoma a malata adzimbiri, koma dzimbirilo ndi penti, ndinakhudza. Nyali za palafini zoyaka ndi magetsi. Operekera chakudya avala zipewa zansanza ndi mathalauza a malamba a paphewa. Pakhomo mtsikana anatikoleka aliyense kakatoni pakhosi kolembedwa nambala. Yanga 4417. "Takulandirani ku komboni," anatero, "kontirakiti yanu ndi ya ola limodzi."

Pamakoma zithunzi zakale zofiirira. China, dzenje lalikulu la mgodi wa dayamondi, zingwe zili mbwee ngati ukonde wa kangaude. China, amuna akuda ataima pamzere opanda malaya, mzungu akuwasuzumira m'kamwa. Tata anaima pa chimenecho nthawi yaitali manja ali kumbuyo. Iwo anagwira mu mgodi wa dayamondi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi asanasamukire ku wa chitsulo.

Mabaga ake, mabanzi oika nyama pakati, ali ndi mayina a zaka, ya 1871, ya 1888, choncho. Ine ndinali nditaona kale pa pepala kuti pali tchipisi ndi saladi, chala ndinali nditakonza kuti ndingoloza. Koma Tata pepalalo sanalitsegule n'komwe. "Baga zisanu, zazikuluzo," anatero. "Lero ndikudyetsa mwana wanga watsopano."

Anabweretsa m'masefa achitsulo opetera miyala. Nyama za ng'ombe ziwiri zosanjikana, anyezi wokazinga, tchizi chikuyenderera. Fungo lake! Kuyambira m'mawa ndinali nditangomwa tiyi.

Ndiye L.4 ndi L.9 anandiimirira onse awiri. Nyama agula ndi Tata, ndiye kuti ndi ya apongozi. Kuisiya m'sefa, kunyada. M. anakhala kutsidya kwa tebulo pakati pa makolo ake, kumufunsa ndiye L.6. Ndinadya tchipisi chimodzichimodzi. Bagayo ndinaidula panayi ndi mpeni kuti izioneka ngati ndayamba.

Kenako kunalira sayirini, nyali zonse zinazima, kunamveka chiphokoso ngati mwala waphulika pansi pa nthaka, utsi n'kutuluka pakhoma. Amatero ola lililonse. Ana akukuwa, Z. akujambula. Mu mdima umenewo ndinakulunga zidutswa zinayi zija m'timapepala topukutira pakamwa n'kuziika m'chikwama. Ndinaganiza kuti ndikamupatsa M. tikakhala awiri, zithere pomwepo.

Nyali zitayaka Mama anayang'ana sefa yanga.

"Iii makoti, wamaliza kale?" Makoti ndi mmene amaitanira mtengwa.

"Inde, Mama."

"Inali bwanji?"

"Yokoma kwambiri, Mama."

Tata anaseka nati, "Uyu ndiye wathu, osati Ziyanda wojompha ngati nkhuku yodwala. Tiitanitse ina?" Ndinati ndakhuta. Ndinachita kugwira pamimba. Kugwira pamimbako ndiye kukundiwawa kwambiri, palibe anandituma.

Potulukira pali kanjira kopapatiza ndi chimunthu chachitali chovala ngati mlonda wa komboni, chipewa, wezulo, ndodo. Chimachita chipikisheni mwamasewera. Pansi pa masefa amabisako timiyala tagalasi, ana amatiika m'matumba, iye akawagwira amaliza belu n'kuwajambula atanyamula chikwangwani cholembedwa kuti WAKUBA DAYAMONDI. Zimenezi ndazimvetsa pambuyo pake. Nthawi imeneyo ndinangoona yunifolomu.

Tata anakweza manja okha asanauzidwe, akuseka. M. nayenso. Mama anati, "Ukangondikhudza ndikuthyola chala," mlondayo n'kuwachitira sawatcha. Z. anadutsa chambuyo akujambula. Nditafika ine wezulo inalira.

"Nambala 4417! Kayendedwe kako kakukayikitsa. Tsegula chikwama, sisi."

Ndikanangoseka. Ndikanangoyankha ngati Mama. Ndinatsegula.

Timapepala tinali titanyowa n'kung'ambika. Nyama, anyezi, sosi, zonse zili pamwamba pa chitupa changa ndi kope lino. Mlondayo anasuzumira m'katimo. Kenako anatukula chidutswa chimodzi m'mwamba ndi zala ziwiri. "Abwana! Uyu ndiye waba mgodi wonse!" Belu. Matebulo onse m'manja. Chikwangwani anandipatsa, ine n'kuchilandira ndi manja awiri ngati mmene ndimalandirira chinthu kwa wamkulu.

Z. anaseka mpaka kukhala pansi. M. anayang'ana nsapato zake. Mama sanaseke, anangondiyang'ana pamimba pamene ndinagwira paja. Tata anavula kakatoni pakhosi, anakaika pa kauntala, nati, "Tiyeni."

Mtsikana wa pakhomo uja anatithamangira kugalimoto ndi bokosi la baga yanga ija. "Katundu wanu, sisi. Mabokosi timapereka aulere, mukanangopempha."

Ndinalifungata pamiyendo mpaka kuno. Tata sanalankhule njira yonse, wailesi anazimitsa. Galimoto yonse kununkha anyezi.

Loweruka, 14 Disembala

Bokosi ndalisiya m'filiji ku Botshabelo. Adya amene adye.

Ku Aliwal North tinaima kuthira mafuta. M. anandipeza pa mpopi ndikutsuka m'kati mwa chikwama. "Wandiyalutsa, Goitse. Mama akundifunsa ngati ndimakumana chakudya kunyumba. Unali ndi njala kapena unalibe? Ndiuze chimodzi." Ndinatsegula pakamwa, Z. n'kutulukira ndi zakumwa. Ndinangoti, "Pepa." Anapukusa mutu n'kubwerera kugalimoto.

Tafika chakumadzulo. Mapiri ambiri, mphepo, nkhosa paliponse. Ine ndizigona kwa azakhali a M., onse amawaitana Dabawo, chifukwa kwa apongozi sindingagone mbuzi isanaphedwe. Nyumba yawo ili kuseri kwa khola. Ndi achikulire, olankhula mokweza, andipatsa bedi la mwana wawo amene ali ku Cape Town.

Nditangotsika galimoto mayi wina amene sindikumudziwa anandigwira dzanja osalisiya. "Ndiye ndiwe uja wa pa foni?" Z. anatumiza kanema uja ku gulu la banja la pa WhatsApp tisanatuluke n'komwe mu Kimberley. Muli anthu oposa makumi asanu ndi limodzi. Nkhope yanga yafika kuno tsiku lathunthu ine ndisanafike.

Lamulungu, 15 Disembala

Kutchalitchi, atsikana awiri kumbuyo kwanga: "Gwira bwino chikwama chako, mgodi ungathe." Sindinatembenuke. Nyimbo sindinamve ngakhale imodzi.

Lolemba, 16 Disembala

Ndadzuka 5 koloko, ndasesa, ndatunga madzi, ndachapa makatani a Dabawo ngakhale anati ndi oyera.

Ku thanki ya madzi kunali Z. ndi asuweni ake atatu. Sanandione, thanki ndi yaikulu. Amasankha dzina langa. Mayina a atengwa kuno amayamba ndi No. Wina anati Notchipisi. Wina Nodayamondi, ena n'kumukana kuti limenelo ndi lokongola kwambiri. Kenako Z. anati, "Nobaga!" Anaseka mpaka chidebe chinasefukira. Ndinadikira achoke, miyendo inachita dzanzi ndili chinjutire.

Masana ndikusankha nyemba ndi Dabawo ndinawafunsa mozungulira ngati dzina lachipongwe limatha kumamatira. Anati, "Eee! Kutsidya kwa mtsinjeko kuli mayi, dzina lake la ukwati palibe akulikumbukira. Tsiku loyamba anapempha foloko. Mpaka lero ndi Nofoloko, zidzukulu zake zomwe zimamuitana choncho." Anaseka, kenako anandiyang'ana n'kusiya. "Koma zako zili m'manja mwa apongozi ako. Akakupatsa dzina lamphamvu, lachipongwelo limafa lokha. Akakupatsa longotaya, ndiye anthu amasankha lawo."

Chakumadzulo ananditumiza kukabweza poto kwa Mama. Ndinaima pakhomo la khitchini chifukwa amalankhula ndi mlongo wawo wamwamuna, amalume a M. Sindinafune kumvetsera, koma ndinamva.

"Za bagazo si nkhani, ndi chibwana. Koma kundiuza kuti yokoma kwambiri Mama, nkhope ili gwa, dzanja pamimba! Ndikadzamusiyira nyumba ndizikhulupirira chiyani? Dzina ndinali nalo kuyambira Okutobala. Pano sindikudziwa."

Poto ndinaiika pansi pakhonde pang'onopang'ono kuti isalire. Ndinabwerera chozemba ngati wakuba weniweni.

Lachiwiri, 17 Disembala

Kwa Mama apha nkhosa ya anthu amene akumanga chisakasa cha Loweruka. Anatumiza mbale kuno. L.4. Nthawi ino ndinafulumira, ndinadzigawira ndekha chimanga ndi nyemba Dabawo asanandiikire kanthu.

"Nyama sudya?"

"M'mimba, Dabawo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kubwereranso pakati. "Oooh," anatero. Anamaliza kudya msanga n'kuvala duku kupita kwa Mama.

Bodza lachiwiri. Limatuluka lokha ndisanaganize, chilungamo ndiye chimakakamira pakhosi.

M. sindinamuone lero, ali ndi amuna ku chisakasa. Ananditumizira uthenga: "Uli bwanji." Ndinalemba yankho lalitali lofotokoza zonse, ndinaliwerenga katatu, ndinapeza mawu olakwika ambiri, ndinafufuta. Ndinatumiza kuti, "Ndili bwino."

Lachitatu, 18 Disembala

Mama anabwera m'mawa ndikusita, Z. ali pambuyo atanyamula mabulangete. Anakhala pa bedi ndi Dabawo, ine ndinatsika pa mkeka.

"Makoti, ndikufunsa kamodzi. Uli ndi pakati?"

"Ayi, Mama."

"Nanga mimba imene ikukana nyama ndi yotani? Ku Kimberley inakana, kuno ikukana. Nyama yathu ikununkha?"

Chixhosa changa chimathawa ndikachita mantha, chimatsala Chitswana chokha, nachonso chonong'ona. Ndinadzuka n'kutenga kope lino pansi pa pilo. Masamba enawa ndinawapana ndi mapegi awiri oyanikira zovala kuti asatseguke, n'kupereka tsamba lomaliza kwa Dabawo. Iwo analitambasulira kutali, analibweza pafupi, kenako anamupatsa Z. "Werenga iwe wa yunivesite."

Z. anakulira ku Postmasburg, Chitswana amachidziwa. Anawerenga mokweza akumasulira. Pa L.2 anaima. "Apa walemba chiyani? Oo." Pali mawu amene ndinalemba molakwika. Sanaseke, koma ndinadziwa kuti waona.

Anafika pa L.4. Anapitirira mpaka L.9. Anabwereranso pa 4, n'kutsitsa kope.

"Dikira kaye. Ndiye sukanatha kuidya, komanso sukanatha kuisiya?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ndiye unaiika m'chikwama."

Dabawo anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili chuchuchu. "Mwana wanga, ng'ombe ya m'baga ija inatuluka m'khola mwathu liti? Ikutidziwa ife? Lamulo limenelo ndi la nyama ya pakhomo pano ndi chambiko cha ng'ombe zathu. Nkhosa ya dzulo ija ndiye unakhoza, woiwala ndine. Komanso masiku ano akulisunga ndani? Ine tsiku lachiwiri la ukwati wanga ndinadya chiwindi kuseri kwa khola, mpaka lero sindinafe."

Mama anatenga kope kwa Z. Chitswana sawerenga, koma analiyang'ana nthawi yaitali chala chikutsika pa manambala. Kenako anati, "Malamulo khumi ndi awiri. Nanga loti uziwanamiza apongozi ako lili pa nambala chani?"

Kuseka kunathera pomwepo.

Ndinagwada. Ndinanena ndi Chixhosa changa chothyokathyoka kuti ndinanama ku Kimberley, ndinanamanso dzulo kwa Dabawo, ndinaopa kufunsa kuti angandione kupusa.

"Pakamwa uli napo," anatero Mama. "Ukanangoti, Mama, kodi iyi ndidye? Mawu anayi. M'malo mwake unasankha kunyamula chikwangwani pamaso pa azungu ndi ana awo."

Anandibwezera kope mapegi ali pomwepo. Potuluka anati, "Ndamva." Basi. Sindikudziwa kuti kumva kwake ndi kotani.

Z. anabweranso yekha masana, anaima pakhomo akukanda penti ya chitseko ndi chikhadabo. "Sisi, ine ndimaganiza kuti nawenso uzidzaseka." Ndinati palibe kanthu. Bodza lachitatu limenelo.

Lachinayi, 19 Disembala

Nkhani ya malamulo yafika pakhomo ponse. Azimayi ophika mowa akandiona amafunsa, "Makoti, kuyetsemula ndi nambala chani?" Koma akundiitana kuti ndikhale nawo, dzulo sankatero. Dzina lija la baga ndalimva kawiri lero, kwa ana.

Ndikutsuka mapoto kuseri kwa khola ndinamva Tata akuitana Z. Iwo anali m'kati akumanga waya.

"Kanema uja fufuta."

"Tata, anthu anaona kale, sizithandiza."

"Fufuta pako."

Kenako Tata anati, osakweza mawu, "Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikukweza manja pa geti ya mgodi tsiku ndi tsiku. Lachisanu ndinakwezanso, ndikuseka, nditalipira ndekha. Kenako ndinaima n'kumaonerera akupisa m'chikwama cha mwana wa eni ake amene andipatsa kuti ndimusunge."

Ndinasiya kukwecha poto kuti asadziwe kuti ndili pafupi. Masiku onsewa ndimayesa chete wawo uja ndi mkwiyo pa ine ndekha. Pano sindikudziwa kuti ndichite nawo chiyani. Ndinawachititsa ndine kuti aime pamenepo.

Lachisanu, 20 Disembala

Akwathu afika pa minibasi, azakhali ndi amalume awiri. Kanema anauona kale, wina wa ku Postmasburg anawaonetsa ku shopu.

Azakhali anandikokera kuseri. "Wapenga? Ine ndinati nyama ya m'khola mwawo!" Ndinatsegula tsamba lomaliza. Palibe mawu oti khola. Ndinawakumbutsa kuti ndinawawerengera kawiri iwo n'kuvomera. Anayang'ana kumbali nati, "Munthu umaganizako wekha. Ndipo usakanene kuti ndinakuuza ndine, ndili ndi ulemu wanga pano."

Sindinawauze kuti pamwamba pa tsambalo ndinalemba kuti Malamulo a Azakhali, ndipo Z. anayambira pomwepo kuwerenga.

M. anabwera ndi pichesi ziwiri m'thumba. Anakhala patali pang'ono chifukwa Dabawo anali pawindo. "Bwanji sunandiuze ine?" Ndinati L.6. Anagwira kumutu. "Goitse, pa mpopi paja tinali awiri." Zoona. Tinali awiri kwa kanthawi.

Mbuzi yafika, yoyera ya banga pakhosi. Mawa.

Loweruka, 21 Disembala

Anandiveka kusanatenthe. Siketi yaitali yabuluu yolimba ngati katoni, duku lakuda lotsika mpaka pa nsidze, thaulo m'chiuno, kabulangete paphewa kotsekedwa ndi pini. Anandikhazika pa mkeka watsopano kuseri kwa chitseko, maso pansi. Anthu ndimawadziwira nsapato.

Mbuzi inalira, amuna anafuula kunja. Patapita nthawi Dabawo anabwera ndi nyama yowotcha ya mwendo wakutsogolo, yopanda mchere. "Idya, mwana wanga. Iyi ndiye ya m'khola mwathu." Wina kumbuyo anati, "Akamaliza mumuchite chipikisheni!" Nyumba yonse inaseka. Ndinatafuna. Inatenga nthawi kuti itsike. Kenako chambiko m'kapu yachitsulo, ndinamwa chonse mpaka pansi.

Akuluakulu analangiza mmodzimmodzi. Za moto, za alendo, za kupirira. Ambiri sindinawamve, makutu anali kudikira chinthu chimodzi.

Kenako nsapato zoyera za Mama zinaima patsogolo panga.

"Mwana uyu ndinamukonzera dzina lina," anatero. "Labwino ndithu. Ndalisunga, ndili ndi mnyamata wina wosakwatira."

Kumbuyo wina ananong'ona lija la baga, ena n'kumuletsa.

"Uyu wabwera pakhomo pano ndi malamulo khumi ndi awiri olemba pamanja, ena oti eni akefe tinawaiwala. Anakhala ndi njala chifukwa cha malamulowo. Anandinamizanso chifukwa cha malamulowo. Zonse ziwiri ndaziona, ndipo sindiiwala chilichonse. Dzina lake ndi Nomthetho."

Mayi wa malamulo.

Kunayamba kuseka, kenako nthungululu. Sindikudziwa chimene chinali chachikulu. Azakhali anga analuluta kuposa onse. Dabawo ananditsina paphewa kuti ndivomere. Ndinati, "Zikomo, Mama," koma ndikuganiza kuti unamva mkeka wokha.

Chakumadzulo ndikunyamula mbale ndinakumana ndi M. pakhomo. Anapatuka n'kuvula chipewa. "Dutsani, a Nomthetho. Sindikuphwanya nambala iliyonse?" Sindinamuyankhe, amalume ake anali pomwepo. Koma pansi pa duku ndinamwetulira pang'ono.

Sindikudziwa ngati ndi dzina laulemu kapena chilango. Ndinafunsa Dabawo. Anati, "Zitengera iwe, ndipatse mchere uko."

Lamulungu, 22 Disembala

Ndinadzuka ndisanawamve atambala, ndinayatsa moto, ndinayamba kusesa bwalo la kwa Mama. Mafupa, zitsekero za mabotolo, nsapato imodzi ya mwana.

Wina amaitana kukhitchini. Anaitana kachiwiri. Ine ndikusesabe, ndikuganiza kuti munthuyo bwanji sakuyankha, alibe ulemu. Kachitatu mawu anakwera. Z. anatsegula windo tsitsi lili nyankhalala. "Sisi! Akuitana iwe!"

Ndinataya tsache n'kuthamanga, siketi ikundikola m'miyendo.

Mama anali ataika kapu ndi sosala pa thireyi. "Nomthetho, makutu unasiya ku Postmasburg? Tiyi wa Tata wako. Kuyambira lero uzipereka ndiwe."

Ndinayang'ana shuga. Ndinayang'ana supuni. Mama anangoima manja m'chiuno, osandithandiza.

"Mama," ndinatero, "amathira angati?"

"Atatu. Adokotala anati awiri. Thira awiri ndi theka."

Tata anali pa benchi pafupi ndi khola. Ndinagwada, maso pansi. Tiyi anatayikira mu sosala. Ndinaona dzanja lawo likutenga sosalayo, anatsanulira m'kapu, anamwa.

"Shuga wake ali bwino, Nomthetho," anatero.

Nthawi ino dzinalo ndinalimva, ndinayankha.